Ndapeza zitsulo ziwiri zolembedwa Quad II, ndigulitse pa sikelo kapena ndikonzetse?

Mwana_wa_Ngabu
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Timalongosola katundu m'nyumba ya malemu atsibweni kuno ku Ngabu, ndiye pansi pa bedi tapeza zitsulo ziwiri zofanana zokulungidwa m'chiguduli. Chilichonse n'cholemera ndithu, ndipo chili ndi zinthu zisanu zagalasi zonga mababu. Pakachitsulo kapatsogolo palembedwa Quad II. Palinso kabokosi kachitatu ka mabatani, kolembedwa Quad 22. Atsibweni anakhalitsa ku Bulawayo, ankaphika kwa mzungu wina, ndipo amayi akuti bwanayo pobwerera kwawo anawasiyira zimenezi. Anyamata ogula zitsulo akufuna abwere ndi sikelo Loweruka. Mnzanga wina akundiletsa, akuti ndi ampu yapamwamba, chida chokuzira mawu a nyimbo. Koma pa intaneti ndaona kuti imatulutsa mawatsi 15 okha, pomwe pamsika pano pali masabuwufa olembedwa 3000W. Chamtengo pa zitsulozi n'chiyani?

Fundi_wa_Nchalo
Achimwene, chonde musazilumikize ku magetsi kuti muone ngati zikulira. Ampu ya mavalavu (zonga mababu zija) imene yagona zaka zambiri ukangoiyatsa, makapasita (tizipangizo tosunga magetsi) ouma aja amatha kuphulika kapena kupsetsa thiransifoma, ndipo thiransifoma ikapsa mtengo wonse wapita. M'katimo mumayendanso mavolti opitirira 300, ena amatsalira ngakhale mwazimitsa. Anyamata a sikelo auzeni Loweruka asavutike. Jambulani pamwamba ndi pansi mutumize pano.

DJ_Dyeratu
Mawatsi 15 ndi a wayilesi ya m'galimoto amenewo. Gulitsani muonjezere pa ndalama ya sabuwufa, bola imeneyo ili ndi Bluetooth.

NaBangula
A DJ, katundu wa malemu sagulitsidwa ndi munthu mmodzi. Inu a Mwana_wa_Ngabu, ana a malemu mwawafunsa? Mikangano ya chuma chamasiye imayambira pa tinthu totere.

Mwana_wa_Ngabu
Takambirana kale amayi. Ndi iwowo amene andituma kuti ndifufuze tisanachite chilichonse.

Mphunzitsi_Wopuma
Mwana wanga, chimene mwachipezacho ndi chimodzi mwa zida zodziwika kwambiri pa mbiri ya zomvera nyimbo m'nyumba. Ndiloleni ndiyambire patali pang'ono.

Zonga mababuzo ndi mavalavu. Valavu ndi botolo lochotsedwa mpweya wonse. M'kati muli kawaya kotentha kotulutsa magetsi, chitsulo cholandira magetsiwo, ndi kasefa pakati pa ziwirizi. Kasefako anakaikamo ndi Lee de Forest wa ku America mu 1906, ndipo kukuza mawu kunayambira pamenepo. Amene munaonapo geti la ngalande m'minda ya nzimbe mumvetsa msanga. Dzanja lotsegula geti silibweretsa madzi, madzi ndi a mu Shire, dzanja limangolamula kuti adutse ochuluka bwanji. Kamphamvu kochokera ku singano ya galamafoni ndiye dzanjalo, magetsi a pakhoma ndiwo madzi.

Vuto la maampu oyamba linali lakuti ankakuza mawu koma n'kuwapotoza. Amene anavutika nalo kwambiri ndi a matelefoni, chifukwa pa waya wautali pamafunika maampu ambiri motsatizana, ndipo iliyonse inkaonjezera zolakwa zake. Mu 1927, Harold Black wa ku Bell Labs, malo ofufuzira a kampani ya matelefoni ku America, ali pa boti kuwoloka mtsinje wa Hudson popita ku ntchito, anapeza nzeru n'kuijambula pa nyuzipepala imene anali nayo m'manja. Nzeruyo inali yotenga kachigawo ka mawu otuluka, kukatembenuza, n'kukabwezera kolowera, kuti ampu izidzikonza yokha. Umataya mphamvu ina koma mawu amayera. Pafupifupi ampu iliyonse imene mwaigwirapo, ya DJ yomwe, imagwiritsa ntchito nzeru imeneyi.

Nkhondo yachiwiri itatha, anthu ambiri amene anaphunzira za mawayilesi ku usilikali anafuna nyimbo zomveka bwino kunyumba. Ku Britain, Harold Leak anatulutsa ampu mu 1945 imene kupotoza kwake kunali 0.1 peresenti yokha, chinthu chimene ambiri sanachikhulupirire. Mu 1947 mnyamata wina, D.T.N. Williamson, anasindikiza pulani yonse ya ampu yake m'magazini ya Wireless World, osabisa kanthu, ndipo anthu m'maiko ambiri anaipanga okha pa tebulo. Inalinso ya mawatsi 15, ya mavalavu a KT66, omwewo aakulu awiri muli nawo inuwo. Kenako mu 1953 Peter Walker wa ku Huntingdon anatulutsa Quad II, n'kuipanga osaisintha kwenikweni mpaka 1970. Zilipo ziwiri chifukwa chilichonse chimayendetsa sipika imodzi. Kabokosi ka 22 kanabwera mu 1959 stereo itayamba, ndipo sikakhala ndi magetsi akeake, kamayamwa ku maampuwo.

DJ_Dyeratu
Aphunzitsi, mbiri tamva. Koma zikanakhala zabwino choncho, bwanji eni ake omwe anasiya kupanga?

Injiniya_Chikwawa
Funso labwino limenelo, ndiyankhe ine. Anasiya chifukwa cha transista, imene inatulukira ku Bell Labs komweko mu 1947. Transista ndi yaing'ono, sifuna kawaya kotenthetsa, siifooka msanga ngati valavu, komanso chachikulu n'chakuti imatha kuyendetsa sipika popanda thiransifoma yotulutsira mawu. Thiransifoma imeneyo ndiyo inkadula ndi kulemera koposa mu ampu ya mavalavu. Wopanga aliyense anaona phindu. A Quad omwe anatulutsa ya matransista, 303, mu 1967. Ndiye sikuti mavalavu ankamveka moipa ayi, ankangodula kupanga. Ndipotu maampu ambiri oyamba a matransista ankamveka mokalipa. Mawu amagawidwa pawiri, transista ina imakankha, ina imakoka, ndipo polandirana pakhala kampata ngati sizinachunidwe bwino. Kampata kameneko kamamveka kwambiri voliyumu ikakhala pansi, pomwe munthu amamvetsera m'nyumba.

Tsopano za 3000W. A Mwana_wa_Ngabu, mukapita pamsika tembenuzani sabuwufa imeneyo muwerenge kumbuyo, pafupi ndi chingwe cha magetsi. Mupeza kuti imadya mawatsi mwina 60 kapena 80. Chinthu chodya 80 sichingatulutse 3000. Nambala yaikuluyo amailemba PMPO, ndipo ilibe muyezo wovomerezeka, aliyense amalemba imene akufuna. Chinyengo chimenechi n'chakale. Ku America chinafika poipa mpaka bungwe la boma la Federal Trade Commission linaika lamulo mu 1974 loti wogulitsa azilemba mphamvu imene ampu ingatulutse mosalekeza, mbali zonse ziwiri zikulira, itatenthetsedwa kaye kwa ola lathunthu. Mawatsi 15 a Quad ndi a mtundu woona umenewo.

China n'chakuti khutu silimva mawatsi monga timawerengera ndalama. Kuti nyimbo imveke mokweza kawiri, pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi. Kuchoka pa 15 kufika pa 30 kusiyana kwake n'kochepa. Pabalaza la nyumba zathuzi, ndi sipika yosavuta kuyendetsa, nthawi zambiri timamvetsera pa watsi imodzi kapena awiri.

DJ_Dyeratu
Pabalaza ndavomera. Koma bwerani pa ukwati pabwalo la sukulu, anthu mazana, palibe khoma lobweza mawu, mphepo ikuwomba kuchokera ku dambo. Ndi 15 yanuyo akumva ndi akwati okha. Ine ndimadyera ntchito imeneyi.

Injiniya_Chikwawa
Pamenepo palibe wokutsutsani akulu. Ntchito zake n'zosiyana. Ya pabwalo inasinthidwa ndi maampu ngati Crown DC300 ya 1967, mawatsi 150 mbali iliyonse, yolimba kwambiri. Koma dziwani kuti ena opanga za m'nyumba ankafikanso pabwalo. McIntosh, kampani imene Frank McIntosh anaiyambitsa mu 1949, ndi imene maampu ake anakuza mawu pa chikondwerero cha Woodstock mu 1969. Ya m'nyumba yawo yotchuka, MC275 ya 1961, inali ya mawatsi 75 mbali iliyonse. Aamerika ankakonda mphamvu zambiri kuposa Angerezi kuyambira kale.

Mdzukulu_wa_Theba
Nkhaniyi yandikumbutsa agogo anga aamuna. Iwo anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ndipo pobwera anatenga gumbagumba ya mabatire ndi mbale za nyimbo zodzaza sutikesi. Amati tsiku limene anafika kumudzi, kufupi ndi Tengani, anthu anagona pabwalo. Anaiika pa mtondo wovundikira, sipika anaimangirira pa mtengo wa msawu. Singano ikatha ankatumiza munthu mpaka ku Limbe. Ndege ija itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi ambiri ochokera ku migodi, Kamuzu analetsa ulendo wa ku Wenela, agogo sanabwererenso. Gumbagumbayo inatha ndi dzimbiri koma mbale zina tikadali nazo. Kuno zida zimenezi zinkabwera pamutu pa anthu ovutika, osati m'sitolo.

NaBangula
Zoona. Kwathu kunali Supersonic yochokera ku Bulawayo, yokhala ndi miyendo ngati tebulo. Amene analibe wachibale kunja ankagula Nzeru ya konkuno. Ana sitinkaloledwa n'kuikhudza komwe, inkafundidwa nsalu yoluka.

Makhanga_Original
Ineyo ndili ndi Sansui AU-717 yomwe ndinagula yogwiritsidwa kale ntchito ku Johannesburg. Yakuda, yolemera, mawatsi 85 mbali iliyonse. Madzi a Januwale 2015 anaimiza pamodzi ndi nyumba yonse. Titabwerera kuchokera ku kampu ndinaipeza matope ali tho mpaka m'mabatani. Ndinalira ngati mwana, chifukwa ndi chinthu chokhacho chimene ndinabwera nacho kuchokera ku Joni. Mkulu wina wokonza mawayilesi anaitsegula, anaitsuka ndi madzi oyera ndi kaburashi ka mano, n'kuiyanika padzuwa mpaka inaumiratu. Anasintha makapasita angapo ndi rile ya masipika. Mpaka lero ikulira. Sabuwufa ya mlamu wanga imene inamira tsiku lomwelo tinataya, m'kati munali kabolodi kamodzi komata ndi guluu.

Fundi_wa_Nchalo
Mkuluyo ankadziwa ntchito. Madzi okha saononga msanga, choononga ndi kuyatsa chinthu chisanaume, ndi matope otsalira amene amasunga chinyontho. Pambuyo pa Freddy mu 2023 anthu ambiri anandibweretsera zida zoti zikanapulumuka, koma anali atayesa kale kuyatsa.

Mlimi_wa_Thonje
Za madzi musayambe, ena mitima sinapole. Namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu 2022 tinakhala mu mdima miyezi yambiri, ndiye ampu ya magetsi ambiri ya chiyani kuno?

Mphunzitsi_Wopuma
A Makhanga_Original, Sansui yanuyo ndi ya zaka za m'ma 1970, nthawi imene Japan inalanda msika. Sansui, Pioneer, Kenwood, Yamaha ndi ena ankapikisana chaka ndi chaka, mpaka Pioneer inatulutsa SX-1980 mu 1978, ya mawatsi 270 mbali iliyonse, yoti munthu mmodzi kuinyamula n'kovuta. Ngakhale Marantz, dzina limene Saul Marantz analiyambitsa ku New York m'ma 1950 ndi maampu a mavalavu opangidwa mosamala kwambiri, linagulitsidwa mu 1964, ndipo zida zake zambiri zinayamba kupangidwa ku Japan.

Pa nthawi yomweyo ena anayamba kudandaula kuti manambala akukwera koma nyimbo sikukoma. William Johnson wa ku Minnesota anayambitsa Audio Research mu 1970 n'kubwerera ku mavalavu pomwe aliyense ankati atha ntchito. Mark Levinson anayamba mu 1972, ndipo mu 1977 anatulutsa ML-2, chitsulo chachikulu cha sipika imodzi chotulutsa mawatsi 25 okha. Magazini monga Stereophile ndi The Absolute Sound ankaweruza zida pomvetsera ndi khutu, osati ndi mita yokha. Msika wa zida zodula kwambiri umene ulipo lero unabadwa zaka zimenezo.

Mlimi_wa_Thonje
Aphunzitsi, ndimakulemekezani, koma apa mtima wanga sukuvomera. Ndamva kuti maampu ena amagulidwa ndalama zoti ungamangire nyumba ya malata ndi kugula ng'ombe. Ife thonje timalima chaka chonse, kupopera, kutola padzuwa, mtengo wake n'kukhala womvetsa chisoni. Munthu n'kumaika chuma chotere pa bokosi loimbira nyimbo? Kumeneko ndi kudzionetsera basi.

Injiniya_Chikwawa
Mbali ina mukunena zoona bambo. Pali ndalama zambiri zimene zimapita pa chitsulo chosemedwa chapatsogolo, pa dzina, ndi pa mawaya amene mita siona kusiyana kwake. Ku Japan, Hiroyasu Kondo anapanga ampu yotchedwa Ongaku mu 1989, mathiransifoma ake okulungidwa ndi waya wa siliva, mawatsi osafika 30, mtengo wake wa galimoto yapamwamba. Ine sindingauze munthu wa kuno kuti alote zimenezo.

Komanso zambiri mwa izo sizingakhale bwino m'chigwa muno. ML-2 ija ndi ya Class A, kutanthauza kuti matransista amakhala otsegula nthawi zonse, kaya nyimbo ikulira kaya ayi. Kampata ndinanena kaja kamatheratu, koma ampu imadya mawatsi mazana angapo kuti ikupatseni 25, otsalawo amasanduka kutentha. Krell, imene Dan D'Agostino anayambitsa mu 1980, inkachita kuika mafani m'maampu ake oyamba. Zinapangidwira nyumba za kozizira. Taganizani mwezi wa Okutobala ku Ngabu, kunja madigiri opitirira 40, denga la malata lopanda siling'i. Makapasita amafa msanga ndi kutentha, ndipo munthu sungakhale m'chipindamo.

Mphunzitsi_Wopuma
Koma a Mlimi, mbiriyi ili ndi njira ziwiri, musaone imodzi yokha. Pali anthu amene ankafuna kuti mawu abwino afike kwa munthu wamba. David Hafler anatulutsa Dynaco Stereo 70 mu 1959, ya mawatsi 35 mbali iliyonse, ndipo ankaigulitsa ngati zipangizo m'katoni kuti wogula alumikize yekha ndi chowotcherera. Anagulitsa zoposa 300,000. Mu 1978 kunabwera NAD 3020 yopangidwa ndi Bjørn Erik Edvardsen, ya pulasitiki yotuwa kumaso, yolembedwa mawatsi 20, yotsika mtengo, koma inkayendetsa masipika ovuta amene maampu a manambala aakulu ankalephera. Ophunzira ambiri a ku Ulaya anayambira pa imeneyo. Quad II nayonso sinapangidwe kuti ikhale yodzionetsera. Ndi yotuwa, yopanda chokongoletsa, ankaibisa m'kabati. Mtengo wake lero wabwera chifukwa inapangidwa bwino ndipo imakonzeka.

Mnyamata_wa_Sorgin
Funso langa ndi limodzi. Kodi mavalavu amamvekadi bwino kuposa matransista, kapena ndi maganizo chabe a anthu achikulire?

Injiniya_Chikwawa
Pa mita, ampu yabwino ya matransista imapambana. Kupotoza kwake n'kochepa kwambiri, besi imagwira molimba. Mu 1985 Bob Carver anauza a magazini ya Stereophile kuti asankhe ampu iliyonse yodula, iye achuna yake yotsika mtengo ya matransista kuti imveke chimodzimodzi. Anasankha ya mavalavu. Anagwira ntchito masiku ochepa, ndipo pomvetsera akatswiriwo analephera kusiyanitsa. Kwa ine zimenezi zikusonyeza kuti palibe matsenga m'botolomo. Chimene anthu amakonda ndi kapotozedwe kena kake kamene kangayezedwe.

Fundi_wa_Nchalo
Apa sindikugwirizana nanu kwathunthu bwana. Carver anachita kuchuna yake kuti ifanane ndi ya mavalavu, ndiye kuti kusiyana kunalipo asanachune. Ine ndimamva pa benchi. Ukaikweza ya matransista kupyola mphamvu yake, imadula mawu mwankhanza, twita (kasipika ka mawu opyapyala) imatha kupsa. Ya mavalavu ikafika pamapeto imafewa pang'onopang'ono, khutu silipweteka. N'chifukwa chake 15 ya mavalavu imaoneka ngati yaikulu kuposa nambala yake. Oimba magitala mpaka lero amafuna mavalavu pa chifukwa chomwecho.

Mwana_wa_Ulimba
Ndilowererepo ngakhale za magetsi sindizidziwa. Bambo anga ankaimba ulimba ku Nsanje. Pansi pa mbale iliyonse ya mtengo pamakhala chipanda, ndipo pachipandapo amaboola kabowo n'kumatapo kansalu koyera kamene kangaude amaikiramo mazira pakhoma. Masiku ano ena amaika kapepala ka pulasitiki kopyapyala. Kansalu kameneko ndi kamene kamachititsa kuti ulimba uzinjenjemera, zzz, ndipo kakang'ambika bambo ankasiya kuimba mpaka amate kena. Ankati popanda iko ulimba wafa. Bangwe nayenso amamuika tizitsulo tolira. Ndiye mukamati mawu oyera ndiwo abwino, dziwani kuti makutu a kuno anakulira mawu okhala ndi mchenga pang'ono, ndipo timauika dala.

Injiniya_Chikwawa
Mfundo yamphamvu imeneyo. Koma taonani, kunjenjemerako anakuika ndi woimba, anasankha yekha kuchuluka kwake. Ntchito ya ampu ndi kundipatsa ulimba wa bambo anu monga unalili, osaonjezera mchenga wake pamwamba. Peter Walker yemweyo cholinga chake chinali chimenecho, kuti ampu isamveke, imveke nyimbo.

Mwana_wa_Ulimba
Ndiye yesani tsiku lina kujambula ulimba muuike pa sabuwufa ya pamsika. Kunjenjemera kuja kumasowa, kumangotsala du du du. Ngati Quad imeneyi ingakubweretse, ine ndibwera kudzamva.

Mayi_wa_Kwaya
Pepani ndikubwezeni pa za magetsi zimene anafunsa a Mlimi, palibe anayankha. Ife kumudzi tili ndi sola, panelo imodzi ndi batire. Ndimafuna kumvetsera nyimbo za kwaya momveka bwino kuti ndiziphunzitsa mawu anayi onse. Zida mukunenazi zingatheke pa sola?

Injiniya_Chikwawa
Mayi, za mavalavu ayi. Quad II imodzi imadya mawatsi pafupifupi 90 nthawi zonse, ziwiri ndi 180, batire lanu litha msanga, komanso inveta yotchipa imalowetsa phokoso. Kwa inu yabwino ndi Class D. Imeneyi matransista ake amatseguka ndi kutsekeka kambirimbiri pa sekondi, sakhala pakati, ndiye satentha. Pa mawatsi 10 amene yadya, pafupifupi 9 amapita ku sipika. Kale okonda nyimbo ankainyoza, koma akatswiri monga Bruno Putzeys wa ku Belgium anaikonza mpaka lero ili m'maampu odula. Timabolodi ta Class D totchedwa TPA3116 timene timapezeka m'masitolo a zamagetsi timalira mwachindunji pa batire la mavolti 12. Ndalama yambiri muike pa masipika abwino a mbali ziwiri, osati pa sabuwufa, chifukwa alto ndi tenala amakhala pakati, osati pansi.

Mayi_wa_Kwaya
Takhuta kwambiri. Ndimuuza mwana wanga akapita ku Blantyre akafunse.

Mwana_wa_Ngabu
Ndatumiza zithunzi. Ndatsegula pansi monga munanenera a Fundi, osalumikiza. Imodzi ili bwinobwino, fumbi lokha ndi zisa za mavu. Inayo pansi pa bokosi limodzi lachitsulo patuluka zakuda zonga phula, zauma. Valavu imodzi yaikulu pamwamba pake payera ngati ufa, pomwe zinzake pali ngati kalilole. Kodi yathayo ndi imeneyi?

Fundi_wa_Nchalo
Zithunzi ndaziona. Valavu yoyerayo yalowa mpweya, yatha, musaiyatse. Zinzake zonga kalilole n'kutheka zili moyo. Ngati palembedwa GEC, dzina la kampani imene inkazipanga, muzisamale kwambiri, KT66 zoyambirira zimenezo anthu amazifuna zedi. Zatsopano zikupangidwabe ku Slovakia, Russia ndi China, ndiye yolowa m'malo ipezeka, kungoti ziwiri za ampu imodzi zimafunika zofanana mphamvu.

Phulalo ndi lenileni. Mathiransifoma a Quad II anawaika m'mabokosi odzaza phula, ndipo likatuluka ndiye kuti inatenthapo kwambiri. Kawirikawiri gwero lake ndi timakapasita tiwiri tating'ono timene timapereka mawu ku ma KT66. Tikakalamba timadontheza magetsi, valavu imakoka mopyola muyezo, rezisita ya ma ohm 180 imapsa, thiransifoma n'kuyamba kuwira. Sikuti yafa ayi, zambiri zotuluka phula zimagwirabe ntchito. Ndiyeza ndi mita ndisananene kanthu.

Ntchito yake ndi iyi. Timakapasita timeneto tisinthidwe pa maampu onse awiri, marezisita ayezedwe chifukwa akale amakwera, pulagi yosankhira mavolti kumbuyo iikidwe pa 240, ndipo waya wa ethi alumikizidwe. Poyatsa koyamba ndimadutsitsa magetsi mu babu lakale la kawaya, likawala kwambiri ndiye kuti pali shoti, ndimazimitsa chinthu chisanapse. Ndipo ampu ya mavalavu siyatsidwa popanda sipika, thiransifoma yotulutsira mawu imaonongeka.

NaBangula
Nanga akakonza, banja ligulitse kapena lisunge? Ana a malemu angafune ndalama.

Mphunzitsi_Wopuma
Zimenezo n'za banja. Langizo langa ndi lakuti ngati mugulitsa, musapente, musataye chipangizo chilichonse chakale chimene a Fundi achotse, muchiike m'kathumba. Ogula zinthu zotere amafuna zoyambirira, ndipo zitatuzi zigulitsidwe pamodzi. Musavomere mtengo wa munthu woyamba. Fufuzani kaye mmene zikugulidwira ku South Africa ndi ku Britain.

Mlimi_wa_Thonje
Ine ndikanagulitsa n'kulipirira ana sukulu. Maganizo anga sanasinthe. Koma pa sikelo ayi, pamenepo ndagwirizana nanu.

Mwana_wa_Ngabu
Tagwirizana kuti tikonzetse kaye, timve mmene zimalirira, za kugulitsa tikambirana pambuyo pa sadaka. Vuto masipika tilibe, atsibweni anabwera ndi maampu okha.

DJ_Dyeratu
Ndili ndi awiri a mainchesi 12, ma ohm 8, osavuta kuyendetsa. Ndibwera nawo ku Nchalo tsiku loyesa. Ndikufuna ndimve ndekha 15 imeneyi, ndipo ndibweretsanso ampu yanga tiziike pamodzi pa nyimbo imodzi.

Fundi_wa_Nchalo
Bwerani nawo, koma ndiyambe ndaona m'kati, chifukwa zambiri za nthawi imeneyo zinalumikizidwa pa ma ohm 15, pamafunika kusuntha waya pa thiransifoma kuti zigwirizane ndi 8. A Mwana_wa_Ngabu, ponyamula zulani mavalavu onse, mogwira pansi osati pagalasi, muziwagwedeza pang'onopang'ono pokoka. Lembani pa kapepala iliyonse ampu yake ndi soketi yake, muikulunge payokha m'chitenje. Zitsulozo muike m'katoni pansi pa mpando wa minibasi, asakweze pamwamba ndi matumba a makala. Mavalavu akhale pamiyendo panu.